Mata sanali waulesi, anangomuika malo olakwika

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhepo pa nkhani ija inatuluka patsamba lanu la zamasewero yonena kuti mpira wa masiku ano ulibenso malo a osewera oyenda pang'onopang'ono. Mlembi wanu anapereka chitsanzo cha Juan Mata nkunena kuti Manchester United inataya ndalama pogula munthu osathamanga, ndipo anamaliza ndikuti mnyamatayu akanangomubweza kumbuyo kuti azigawa mipira ngati Andrea Pirlo mwina akanathandizako. Ine zonse ziwirizi ndazikana. Ndalama sizinatayike chifukwa cha miyendo ya Mata ayi, komanso zomubweza kumbuyozo zikanangowonjezera mavuto.

Choyamba tigwirizane kaye pa zomwe aliyense anaona ndi maso, kuti tisamakangane pachabe. Mata liwiro analibe. Munthu wamfupi, mamita 1.70 basi, thupi lopepuka, akagundana phewa ndi difenda wa ku England amene amagwa ndi iyeyo. Mpira ukaponyedwa kutsogolo kuti athamangitsane ndi munthu, tonse timadziwiratu kuti apa palibe chathu. Kulanda mpira sinali ntchito yake, olo atayesetsa bwanji zimaoneka kuti munthuyu akuchita zokakamizidwa. Zonsezi ndi zoona ndipo sindikubisa. Koma nde funso langa ndilakuti, kodi zimenezi zinayamba tsiku limene anatera pa helikopita ku Carrington, komwe United imachitira zokonzekera, mu January 2014? Ku Valencia anali wothamanga? Ku Chelsea anali wothamanga? Anali yemweyu, miyendo yomweyi, koma kumeneko palibe amene ankadandaula za liwiro lake chifukwa aliyense anali kalikiliki kuwerenga zigoli.

Anthu amaiwala msanga akonzi. Mata anafika ku Chelsea mu August 2011 kuchokera ku Valencia, ali kale ndi mendulo ya World Cup ya 2010, ndipo masapota a Chelsea anamusankha kukhala wosewera wawo wabwino kwambiri zaka ziwiri zotsatizana, 2012 ndi 2013. Mu timu muli Frank Lampard, muli Petr Cech, muli Ashley Cole, chaka choyamba muli Didier Drogba, chaka chachiwiri mwabwera Eden Hazard wothamanga ndi wanjomba uja, koma anthu opita ku Stamford Bridge sabata ndi sabata anati ayi, dolo wathu ndi kamunthu kosathamangaka. Sizini ya 2012/13 anamwetsa zigoli 20 m'mipikisano yonse, ndipo osewera anzake a mu ligi anamuika mu timu yawo ya chaka. Ndiye munthu akamati mpira wa ku England unamukulira, ine ndimadabwa kuti Chelsea nthawi imeneyo inkasewera ligi ya kuti.

Tatiyeni tione zikho zomwe Chelsea inatenga nthawi imeneyo, muone phazi la ndani likupezeka paliponse. Fainolo ya FA Cup ya 2012 ndi Liverpool pa Wembley, chigoli choyamba cha Ramires. Mpira unatayika pakati, Mata anautenga, sanathamange nawo mtunda ayi, anangodzutsa mutu nkuukankhira mu njira ya Ramires yemwe anali atayamba kale liwiro cha kumanja, Ramires nkudutsa José Enrique nkumenya, Pepe Reina nkungoona uli mu ukonde. Pamenepo ndi pamene pali nkhani yonse. Wina ali ndi maso, wina ali ndi miyendo, aliyense wagwira yake ntchito ndipo chigoli chabadwa. Patangopita masabata awiri, mu fainolo ya Champions League ku Munich, Bayern itagoletsa kudzera mwa Thomas Müller pa mphindi 83, Chelsea yomwe inali itakhalira kutchinga usiku onse inapeza kona yake yoyamba pa mphindi 88, amene anapita kukaimenya ndi Mata, mpira nkutera ndendende pamutu pa Drogba. Inde penate yake pa mapenate aja Manuel Neuer anaigwira, amene amadana naye amakonda kukumbutsa zimenezo, koma popanda kona ija mapenatewo akanachokera kuti? Chaka chotsatira ku Amsterdam, fainolo ya Europa League ndi Benfica, 1-1 nthawi itatha kale, kona ina ya Mata, hedi ya Branislav Ivanović, chikho nkupita ku London. Pakati pa zimenezi analowanso mochedwa mu fainolo ya Euro 2012 nkugoletsa chigoli chachinayi pomwe Spain inakwapula Italy 4-0.

Chimene chinkachititsa kuti ziyende ndi momwe makochi a Chelsea, Roberto Di Matteo kenako Rafa Benítez, ankamuikira. Kumbuyo kwake kunkakhala anthu awiri, kawirikawiri John Obi Mikel ndi Ramires, pena Lampard, pena David Luiz. Mikel amakhala pompo osasuntha, Ramires amathamanga ngati alibe mapapo. Mbali zake kunali Hazard ndi Oscar. Iye amaima paja pakati pa osewera apakati a adani ndi ma difenda awo, malo ang'onoang'ono omwe munthu ukalandira mpira umakhala ndi sekondi imodzi yoti uganize, ndipo Mata sekondi imeneyo samaifuna nkomwe chifukwa amakhala ataganiza kale mpira usanafike. Mukamuyang'anitsitsa iyeyo osati mpira, mumaona mutu ukungotembenuka, uku, uku, kenako kasitepe kamodzi kubwerera mmbuyo kuti difenda asamuone, mpira ukamafika thupi latembenukira kale ku golo. Kumeneko ndi kuthamanga kwake. Tottenham inazionera yokha mu October 2012 pa White Hart Lane, inali patsogolo 2-1, Mata nkumwetsa ziwiri mu mphindi zochepa, kenako nkukonzera Daniel Sturridge chachinayi, 4-2.

Kenako mu 2013 kochi José Mourinho anabwerera ku Chelsea. Apa sindinena kuti Mourinho sadziwa mpira, zimenezo ndi zamisala. Iye mpira wake ndi wina. Amafuna kuti timu ikaluza mpira anthu onse atatu aja akumbuyo kwa sitiraika abwerere msanga kudzatchinga, ndipo ikaulanda anyamuke ngati mphepo. Anasankha Oscar kukhala nambala 10 wake, wosewera pakati kumbuyo kwa sitiraika, chifukwa Oscar amamaka, amalowa pamiyendo, amabwerera. Anabweretsa Willian ndi André Schürrle. Mata wa zigoli 20 uja anayamba kuotha benchi, ndipo pa 1 January 2014 ku Southampton atamutulutsa tonse tinamuona akumenya mpando ndi mkwiyo, munthu amene sitinkamudziwa kuti amakwiyanso. Mwezi omwewo anagulitsidwa, ndipo mwezi omwewonso Chelsea inagulitsa Kevin De Bruyne ku Wolfsburg, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Mlembi wanu anati Mourinho anaonetsa kuti anali ndi nzeru chifukwa Chelsea inatenga ligi mu 2015. Chabwino, inatengadi. Koma taonani amene anamugula patangopita miyezi yochepa Mata atachoka. Cesc Fàbregas! Kodi Fàbregas wa 2014 anali wothamanga? Kodi anali wolanda mipira? Ayi ndithu. Koma Mourinho anamuikira Nemanja Matić pambali pake kuti azimugwirira ntchito yakuda, kutsogolo nkumuikira Diego Costa woti azithamangira mipira yake, Fàbregas nkupatsira mipira 18 yobala zigoli mu ligi sizini imeneyo. Ndiye kuti olo kochi amene timamutenga ngati mdani wa osewera oyenda pang'onopang'ono uja, atafuna ligi anakagula wake, nkumumangira mpanda. Vuto silinali loti wosewera wotere alibe ntchito. Mourinho anangofuna wake akhale chakumbuyo pang'ono osati pa 10, basi.

Tsono tibwere ku United, komwe kuli mlandu weniweni. Analipira mapaundi 37.1 miliyoni, ndalama zomwe timuyi inali isanaperekepo pa wosewera aliyense nthawi imeneyo. Anagula chifukwa chani? Chifukwa kochi David Moyes zinthu zinali zitamuvuta, masapota akulira, akuluakulu a timu amafuna dzina lalikulu loti atontholetse anthu. Palibe amene anakhala pansi kufunsa kuti kodi munthuyu adzasewera pati. Pa 10 panali kale Wayne Rooney, yemwe patangopita mwezi anasaina kontirakiti yatsopano ya ndalama zankhaninkhani, nde mukuganiza kuti akanamuchotsapo ndani. Panalinso Shinji Kagawa, winanso wa pa 10 yemwe anali akuvutika kale kuwinga. Kutsogolo kuli Robin van Persie, sitiraika wapamwamba inde koma wofuna mpira kumapazi, osati wothamangira kuseri kwa ma difenda. Pakati pali Michael Carrick, katswiri wogawa mipira koma naye liwiro nzakale. Ndiye timu yomwe vuto lake linali kusowa miyendo inakagula munthu wofuna miyendo ya anzake, nkumuika kumanja kuti azithamangitsana ndi ma difenda a m'mbali. Kugula ng'ombe yamkaka nkukaimanga pa ngolo, kenako nkumaitukwana kuti siyenda. Olakwa ndi ndani pamenepo?

Umboni unabwera msanga. Mu April 2014, Rooney ndi Van Persie onse atavulala, Moyes analibenso kuchitira mwina, anamuika Mata pakati kumbuyo kwa Javier Hernández ku Newcastle. United inawina 4-0, Mata anagoletsa ziwiri, china cha filikiki, nkupatsiranso Adnan Januzaj ndi chidendene chigoli chachinayi. Hernández ndi uja samakhazikika, nthawi zonse ali paphewa la difenda kufuna kuthawira kuseri, ndipo ndi mtundu umenewo wa sitiraika womwe Mata amaufuna. Ena adzati aaa inali Newcastle yomwe inali itatayirira kale, chabwino, koma United yomweyo inali ikulephera kuwina magemu ngati amenewo chaka chonse mpaka kumaliza pa nambala 7.

Louis van Gaal, kochi amene anabwera pambuyo pa Moyes, ndi yekhayo amene ndingati anapezako njira yomugwiritsira ntchito kumanja, ndipo chilungamo chake zinayendadi kwa kanthawi. Mu March ndi April 2015 United inachinya Tottenham 3-0, Liverpool 2-1, Aston Villa 3-1 ndi Manchester City 4-2. Papepala Mata anali wa kuwinga koma sankakhala ku mzere, amalowa mkati, Antonio Valencia nkumathamanga mzere onse yekha, Ander Herrera nkumatseka mpata ndikusewera naye timipira tatifupi. Anthu atatu amenewa ankamvana zedi. Gemu ya pa Anfield ija pa 22 March ambiri amangokumbukira khadi yofiira ya Steven Gerrard, analowa hafu yachiwiri nkutuluka patangotha masekondi 38 ataponda Herrera. Koma taonaninso chigoli choyamba. Herrera ali ndi mpira pakati, Alberto Moreno, mnyamata wothamanga kwambiri kuposa Mata, wayang'ana mpira kamphindi kochepa, Mata wanyamuka kale kumsana kwake. Mmene Moreno amatembenuka mpira unali utadutsa, Mata nkuukhudza kamodzi nkuumenya ndi mwendo wamanja, womwe si wake nkomwe, kupita pakona yakutali. Akanati ayambire pamodzi mpikisano wothamanga Moreno akanamusiya kutali, koma mpira si mpikisano wa mamita 100, amene wayamba kunyamuka ndi amene amafika. Chachiwiri chija nde musachite kunena, anapatsira Ángel Di María, Di María nkuubweza mmwamba mu bokosi, Mata nkudzipinda mlengalenga nkuumenya ndi lamanzere Simon Mignolet osaona kanthu. Mpaka lero masapota a United amati bwalo lija ndi Juanfield.

Koma njira imeneyi inali ndi mtengo wake, ndipo apa ndi pamene mlembi wanu ali ndi kamfundo. Mata akalowa mkati timu nkuluza mpira, mbali yonse yakumanja imatsala ndi Valencia yekha, adani akakhala ndi winga wothamanga komanso difenda wokwera, anthu awiri pa mmodzi. Ndipo sizini yotsatira, 2015/16, mpira wa Van Gaal unafika potopetsa, kupatsirana cham'mbali mpaka munthu kugona pa mpando, United inagoletsa zigoli 49 zokha mu ligi yonse. Anthu ambiri anamuloza Mata kuti ndi amene akuchedwetsa mpira. Ine ndinkaona zina. Ndinkaona munthu walandira mpira ku mzere, wadzutsa mutu, kutsogolo palibe amene akuthamanga chifukwa kochi anauza aliyense kuti asachoke pamalo pake, nde apatsire ndani? Amabweza kumbuyo basi. Wosewera wotereyu sapanga mpata yekha ndi njomba ngati Hazard, amafuna wina asunthe kuti iye aone khomo. Marcus Rashford atatulukira mu February 2016, ndi Anthony Martial kumanzere, zinayambanso kuoneka bwino chifukwa tsopano kunali ana othamanga. Ndipo mu fainolo ya FA Cup ya chaka chimenecho, Crystal Palace ili patsogolo ndi chigoli cha Jason Puncheon kutatsala mphindi pang'ono, Rooney anathyola anthu nkuponya, Marouane Fellaini nkutsitsa ndi chifuwa, amene anali pamalo oyenera kubweza chigolicho ndi Mata yemweyo. Chikho choyamba chachikulu chichokereni Alex Ferguson.

Tsopano za Pirlo zija. Maganizo amenewa ndimawamva kawirikawiri, m'ma video show, mu minibasi, paliponse pomwe anthu akukangana za mpira, akuti wosewera akayamba kuchedwa ingomubwezani pa 6, patsogolo pa ma difenda, azigawa. Zimamveka zanzeru koma si aliyense angakhale Pirlo. Pirlo anabwezedwa kumbuyo akadali mnyamata, Carlo Mazzone ndi amene anayamba ku Brescia mu 2001 chifukwa pa 10 panali Roberto Baggio, kenako Carlo Ancelotti nkupitiriza ku Milan. Anaphunzira malo amenewo zaka ndi zaka. Luso lake linali mpira wautali, wa mamita 40 kaya 50, kuchoka kumbuyo kukagwera paphazi la munthu. Ndipo ankakhala ndi alonda, ku Milan Gennaro Gattuso ndi Massimo Ambrosini, ku Juventus Arturo Vidal, Claudio Marchisio ndi Paul Pogba, kumbuyo kwake kuli ma difenda atatu. Ngakhale choncho Ferguson atamuikira Park Ji-sung mu 2010 kuti azimutsata paliponse, Milan inasowa pogwira. Mata luso lake ndi lina, timipira tatifupi pafupi ndi bokosi, kupatsira nkulandiranso, kuzemba kulowa mu bokosi mochedwa nkugoletsa. Ku United anamwetsa zigoli 51, zambiri mwa izo akusewera malo osakhala ake. Mukamubweza pa 6 mwamuchotsera golo, chomwe ndi theka la ntchito yake, nkumupatsa ntchito yolanda mipira yomwe sakuidziwa. Amene akukaika akumbukire ku West Brom mu March 2016, makhadi awiri achikasu hafu yoyamba yomweyo, yachiwiri atayesa kulanda mpira kwa Darren Fletcher nkufika mochedwa, United nkuluza 1-0. Munthu wofatsa ngati uja kutulutsidwa, osati chifukwa cha nkhanza koma kusadziwa kulowa pamiyendo. Ameneyo mumuike patsogolo pa ma difenda mu ligi ya ku England? Mungalire.

Van Gaal yemweyu anachitaponso zimenezi kale, kwa amene akutsata mpira wa ku Spain. Juan Román Riquelme atafika ku Barcelona mu 2002, munthu woyenda pang'onopang'ono kuposa Mata, Van Gaal ankamuika kuwinga kapena pa benchi ndipo anthu anati wakanika. Atapita ku Villarreal, Manuel Pellegrini anamanga timu yonse momuzungulira, Marcos Senna kumbuyo, Diego Forlán kutsogolo, katimu ka m'tauni yaing'ono nkumaliza pa nambala 3 mu ligi mu 2005 nkufika semifainolo ya Champions League mu 2006, komwe anzathu a Arsenal anapulumukira pa penate ya Riquelme yomwe Jens Lehmann anagwira. Chaka chomwecho pa World Cup, Argentina ili patsogolo 1-0 ndi Germany, José Pékerman anamutulutsa Riquelme nkulowetsa Esteban Cambiasso kuti atseke. Mpira unasiya kukhala kumapazi a Argentina, Miroslav Klose nkubweza, Germany nkudutsa pa mapenate. Anthu amaiwala kuti kusunga mpira nakonso ndi kutchinga, mdani alibe mpira sangakuchinyeni.

Nanga zoti masiku ano zinatha? Ndikuvomera kuti mpira unasintha. Kuyambira pomwe Jürgen Klopp ndi Pep Guardiola anafika ku England aliyense akufuna timu yothamangitsa mpira kuyambira kutsogolo, ndipo munthu mmodzi akangoima unyolo onse waduka. Mesut Özil anathera pomwepo ku Arsenal pansi pa Mikel Arteta. Koma Guardiola yemweyo anatenga David Silva, amene ku Valencia ankasewera limodzi ndi Mata, naye osathamanga kwenikweni, nkumuika pakati ndi De Bruyne, Fernandinho kumbuyo kwawo, Leroy Sané ndi Raheem Sterling m'mbali, City nkufika mapointi 100 mu 2018. Toni Kroos wapuma mpira mu 2024 ali ndi ma Champions League 6, ndani anamuonapo akupikisana liwiro ndi munthu? Argentina inatenga World Cup ya 2022 Lionel Messi akuyenda wapansi theka la gemu, Rodrigo De Paul, Enzo Fernández ndi Alexis Mac Allister akumuthamangira. James Rodríguez, amene makalabu anali atamutaya kuti watha, anasankhidwa wosewera wabwino kwambiri pa Copa América ya 2024, mipira 6 yobala zigoli, Colombia mpaka mu fainolo. Sindikuti Mata ndi Messi, musandimve molakwa. Ndikungoti timu imatha kunyamula munthu mmodzi wotere, mmodzi yekha, bola enawo akhale osankhidwa bwino. Awiri kaya atatu nde ayi, ndipo United ya nthawi ija pena inkalowetsa Mata, Rooney wotopa, Carrick ndi Fellaini pamodzi, kenako Zlatan Ibrahimović wa zaka 35 kutsogolo, nkumadabwa kuti bwanji mpira sukuyenda.

Chimene chandipangitsa kuti ndilembe motalika chonchi ndichakuti maganizo a mlembi wanuwa ndimawamvanso m'magalawundi akwathu kuno. Kamnyamata kali ndi maso, kakalandira mpira kamafuna kuuika pansi kaone anzake, koma kunja anthu akukuwa kale, iwe thamanga, menya kutsogolo, ukuchedwa nawo chani! Makochi ena a timu za ana akamasankha osewera amayamba ndi kuwathamangitsa kuzungulira galawundi, wotsalira ndiye kuti alibe mpira. Pa galawundi ya fumbi ndi mabampu zimamvekako, mpira wapansi sumvera, koma nde tikafika pa Bingu pa kapinga wosalala timadabwa kuti bwanji palibe woti augwire mpira nkuziziritsa gemu, tingomenya mmwamba nkumathamangitsana nawo.

Ndiye mukandifunsa kuti malo ake enieni anali ati, ndi pa 10, kumbuyo kwa sitiraika wothamangira kuseri, anthu awiri amphamvu kumbuyo kwake, mawinga awiri aliwiro. Malo achiwiri ndi aja a Van Gaal, kumanja kolowa mkati, koma pokhapokha difenda wakumanja akhale ndi mapapo a Valencia. Pa 6 ayi, kumzere weniweni ayi. Ndipo sindikunena kuti azisewera gemu iliyonse. Kukasewera koyenda ndi timu yomwe ikhale ndi mpira nthawi zonse, inu mukungotchinga nkumadikira kuthawa nawo, Mata akhale pa benchi, ine sindingadandaule, alowe kutatsala mphindi 20 miyendo ya adani itatopa. Mourinho mwini wake, ali kochi wa United, anachita chomwecho ku Turin mu November 2018, Juventus ili patsogolo ndi chigoli cha Cristiano Ronaldo, Mata nkulowa nkumenya filikiki yobweza, United nkuwina 2-1. Koma magemu ngati amenewo ndi angati pa chaka? Ambiri a timu ngati United amakhala ndi timu zomwe zabwera kudzatseka golo ndi anthu 10, Burnley, West Brom, Stoke ya nthawi ija, pomwe olo mutakhala ndi liwiro lotani mulibe koti muthamangire chifukwa kumbuyo kwa ma difenda kulibe malo. Sizini ya 2016/17 United inalepherana magemu 15 mu ligi, 10 mwa iwo pa Old Trafford pomwe, nkumaliza pa nambala 6. Magemu otero amafuna munthu woona kampata kakang'ono.

Ine ndikanakhala ndi timu ija ya 2016/17, pa Old Trafford ndikanaika Herrera ndi Pogba pakati, Herrera osachoka pamalo, Mata patsogolo pawo, Martial kumanzere, Jesse Lingard kaya Henrikh Mkhitaryan kumanja, Rashford kutsogolo, kwa miyezi itatu osasintha, ndione ngati Burnley ikanatulukamo ndi 0-0. Ndikudziwa kuti a Zlatan anditukwana chifukwa mkuluyo anamwetsa zigoli 28 chaka chimenecho, ndipo ena adzati Pogba sangakhazikike pambuyo, zimenezo tikhoza kukangana. Koma mlembi wanu akamadzayankha andiuze kaye kuti pa zaka 8 zomwe Mata anakhala ku United, mpaka kuchoka mu 2022, ndi sizini iti yomwe anapatsidwa malo a pa 10 kuyambira August mpaka May. Poyamba panali Rooney, kenako timu inkamangidwa mozungulira Pogba, kenako mu January 2020 kunabwera Bruno Fernandes, Mata ali ndi zaka 31.

Ine wanu,
Wowerenga wa ku Chilomoni, Blantyre